Liwu Limene Njenjete Zinalisiya

Pepala ili lagona m'jumbo ya shuga
zaka khumi ndi zinayi, lopindidwa kanayi.
Njenjete zadya chidindo, zadya deti,
zadya theka la dzina langa, Gwedeza Ndau,
koma liwu lija zalilambalala
ngati nazonso zikudziwa kuwawa kwake:
wachotsedwa mwamanyazi.

Zaka zisanu ndi zinayi ndinapolisha jombo
mpaka kumametera ndevu m'menemo.
Zimenezo palibe anazilemba.
Analemba masiku khumi ndi limodzi.

Uthenga unandipeza pa geti, mfuti ili paphewa:
mwana ali pa diripi ku chipatala cha Ntcheu.
Ndinapempha. Anati dikira Lolemba.
Malungo sadziwa Lolemba.
Ndinasiya mfuti m'malo mwake, zipolopolo zokwana,
n'kudumpha waya kuseri kwa khitchini.
Chilonda chake ichi, pa ntchafu.
Tisungane ndinam'peza akupumabe.
Anandigwira chala usiku uwiri.

Titafotsera manda, titasesa,
ndinakwera lole ya kabichi n'kubwerera.
Ndekha.
Lembani pamenepo, mayi, musapathamangire:
palibe anandisaka, palibe anandimanga,
ndinagogoda pa geti lomwelo ndi dzanja langali.

Mayi Nangozo otayipa makalata pa boma
akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Tsamba limodzi faifi handiredi.
Akuti, bambo, mukufuna ndalama zanu?
Ndikuti ayi.
Kenako ndikuti inde, nazonso, ndisaname,
denga likudontha ndipo msana watha
ndi matumba a kachewere pa Lizulu.
Koma choyamba liwulo.
Makampani a alonda amawerenga mzere umodzi
n'kundibwezera pepala ndi zala ziwiri.
Ine amene ndinalondera dziko
sindingalondere golosale.

Fomu ikufuna mboni.
Kopolo Zintambira anamwalira chaka cha njala.
Wina ali ku Joni, foni yake imangolira.
Watsala mmodzi,
yemwe analemba dzina langa m'buku m'mawa uja.

Ndinatsika minibasi pa Biriwiri,
mphepo ya Juni ikuluma makutu,
n'kukwera mtunda kufunsa kwa Sajeni Chidzanja.
Njira yonse ndinkakonza mawu okalipa.
Ndinawapeza pa mkeka, kunja, akuwothera dzuwa,
mbali imodzi ya thupi itafa,
mdzukulu akuwapukuta dovu.
Mawu aja amene ankagwedeza bwalo la perete
atsala kamphepo ka m'botolo.

Miyendo yanga inandipereka:
zidendene zinagundana zokha.

Ndinawawerengera kalata yonse, pang'onopang'ono.
Pa dzina la mwana anatseka diso lamoyolo.
Pakamwa popotoka panatuluka mawu awiri,
ndinachita kuwerama kuti ndiwatole:
unabwera wekha.

Cholembera chinawakana.
Mdzukulu anathyola bolopeni,
n'kuwapaka inki pa chala chachikulu cha kumanzere,
ine ndagwirizira dzanja lomwe silinandilembe
kuti lidinde pansi pa zimene linalo linalemba.

Lachinayi ndatumiza.
Envulopu ya khaki, risiti ndasunga.
Kalaliki wati zotere zimatenga chaka,
mwina ziwiri, mwina osayankha n'komwe.
Ndati kudikira ndinakuphunzira pa geti.

Sindikupempha mendulo.
Sindikuti sindinadumphe waya; ndinadumpha,
ndipo Tisungane atadwalanso ndingadumphenso,
ngakhale zimenezo mayi Nangozo anati tisalembe.
Ndikungoti ikani zaka zisanu ndi zinayi uku,
masiku khumi ndi limodzi uko,
pa sikelo iliyonse, ngakhale yobera ya pa msika,
muone komwe ipendekere.

Madzulo ano ndabwezera pepala m'jumbo yake.
Mkazi wanga akufunsa ngati abwana ayankha.
Ndikuti kalata sinafike ndi ku Dedza komwe.
Pa chikhatho changa patsala inki ya a Sajeni,
ndasamba kawiri, sikuchoka,
ndipo mawa kuli lole ya matumba makumi asanu ndi atatu.